Filosofi ku Sekondale: Kuphunzitsa Achinyamata Kupereka Zifukwa

Filosofi ndi phunziro lofufuza mafunso amene maphunziro ena amangowalambalala. Choonadi n'chiyani, munthu amadziwa bwanji kuti chimene akuchikhulupirira n'choona, chilungamo chimasiyana pati ndi lamulo, ufulu wa munthu umalekezera pati. Nthambi yake ina imasanthula za makhalidwe. Imafunsa chimene chimachititsa kuti ntchito ina itchedwe yabwino pamene ina ikutchedwa yoipa, komanso chifukwa chimene munthu ayenera kuchitira chabwino ngakhale palibe womuona. M'mayiko ambiri mafunso otere amawasungira ophunzira a ku yunivesite ndi a ku seminale. Alipo mayiko ena amene anasankha kuwapereka kwa anyamata ndi atsikana a zaka 15 mpaka 18, ndipo zimene akumana nazo pa zaka zoposa 200 zikuonetsa phindu la phunziroli, malire ake, ndi zinthu zimene zimalipha.

Mtsutso wakuti achinyamata aziphunzira zimenezi kapena ayi unayamba kalekale. M'chaka cha 399 Khristu asanabadwe, bwalo la milandu la ku Athens linagamula kuti Socrates aphedwe, ndipo umodzi mwa milandu imene anamuzenga unali wosokoneza mitu ya achinyamata. Iye ankaimitsa anthu otchuka pamsika n'kuwafunsa tanthauzo la mawu amene ankawatchula tsiku ndi tsiku, monga kulimba mtima kapena kuopa milungu, mpaka zitaoneka poyera kuti sakutha kufotokoza. Anyamata ankamvetsera, kenako n'kumakayesa zomwezo kwa akuluakulu ena. Plato, amene anali wophunzira wa Socrates, anachenjeza m'buku lake lotchedwa Republic kuti achinyamata akalawa mtsutso msanga amausandutsa masewera, amatsutsa chilichonse, mapeto ake amaleka kukhulupirira zonse zimene analeredwa nazo. Iye anafuna kuti maphunziro otere azidikira mpaka munthu atakwanitsa zaka 30. Aristotle naye anati wachinyamata si woyenera kumvetsera maphunziro a za kakhalidwe ndi kayendetsedwe ka dziko, chifukwa sanaone zambiri m'moyo ndipo amatengeka ndi zilakolako.

Machenjezo amenewa si opanda pake, ndipo aliyense wofuna kuika filosofi pa silabasi ayenera kuwayankha. Yankho lolimba kwambiri ndi lakuti wachinyamata sadikira chilolezo kuti ayambe kufunsa. Pa zaka 16 amakhala ataona kale munthu wachinyengo akulemera, munthu wopemphera akuvutika, lamulo likugwira wosauka n'kusiya wolemera. Mafunso ali nawo kale. Chimene sukulu ingasankhe ndi kumupatsa njira yowalondolera bwino, kapena kumusiya kuti akawafunse yekha pa intaneti.

Dziko limene lapita patali kwambiri pa nkhaniyi ndi France. Mayeso otsiriza a sekondale kumeneko, otchedwa baccalauréat, anakhazikitsidwa mu 1808 m'nthawi ya Napoleon, ndipo filosofi yakhala mbali ya maphunziro a chaka chomaliza kuyambira m'zaka zoyambirira zomwezo. Victor Cousin, mphunzitsi wa filosofi amene anadzakhala nduna ya maphunziro mu 1840, ndiye analimbitsa maziko a phunziroli m'masukulu a boma. Mu 1852, Louis-Napoléon atalanda ulamuliro wonse, nduna yake Hippolyte Fortoul inalichepetsa kuti lingotsala phunziro la malamulo a kaganizidwe kolondola. Linabwezeretsedwa mu 1863 ndi nduna ina, Victor Duruy. Ena mwa anthu odziwika kwambiri pa filosofi m'dzikolo anayambira ntchito m'makalasi a sekondale. Jean-Paul Sartre anaphunzitsa ku Le Havre, Simone de Beauvoir ku Marseille ndi ku Rouen, Simone Weil ku Le Puy.

Masiku ano wophunzira wa chaka chomaliza m'gawo la maphunziro wamba amakhala ndi maola 4 a filosofi pa sabata, ndipo wa m'gawo la zaumisiri amakhala ndi maola 2. Silabasi imene inayamba kugwira ntchito mu 2020 si mndandanda wa mayankho oti aloweze. M'gawo la maphunziro wamba ndi mitu 17 yokha, monga chimwemwe, udindo, boma, chilungamo, chilankhulo, ufulu, chilengedwe, chipembedzo, sayansi, nthawi, ntchito ndi choonadi. Pambali pake pali mndandanda wa alembi amene mphunzitsi angasankhepo, kuyambira Plato ndi Aristotle, kudzera kwa Augustine, Avicenna, Descartes ndi Kant, mpaka kwa Hannah Arendt, ndipo tsopano mulinso Zhuangzi wa ku China ndi Nagarjuna wa ku India. Mphunzitsi ali ndi ufulu wolumikiza mitu ndi alembiwo m'njira imene iye waiona kuti ndi yothandiza.

Mayeso amalembedwa m'mwezi wa Juni ndipo amatenga maola 4. Wophunzira amasankha chimodzi mwa zitatu: mafunso awiri oti alembepo chimangirizo, kapena ndime ya m'buku la katswiri wina yoti aifotokoze. Amachongedwa pa malikisi 20. Tsiku limenelo manyuzipepala ndi mawailesi amalengeza mafunsowo, ndipo anthu amene anamaliza sukulu kalekale amakambirana mmene akanayankhira. Mu 2023 limodzi mwa mafunso linali lakuti kodi kufuna mtendere ndiko kufunanso chilungamo. Mu 2024 anafunsa ngati sayansi ingathe kukwaniritsa njala yathu ya choonadi, komanso ngati pali chimene boma liyenera kutipatsa ngati mangawa.

Funso lomalizali likuonetsa bwino ntchito imene wophunzira amayembekezeka kugwira. Akangolemba kuti inde, boma liyenera kutipatsa misewu, zipatala ndi sukulu, sanayambe n'komwe kuyankha, chifukwa wangotchula zimene amafuna. Ayenera kufunsa kaye kuti mangawa amabwera bwanji. Munthu amakhala ndi mangawa akakongola, akalonjeza, kapena akalakwira mnzake. Nanga boma linakongola chiyani kwa nzika, kapena linalonjeza liti? Apa angabweretse Thomas Hobbes, amene anati anthu amapereka mphamvu zawo kwa wolamulira kuti awateteze ku kuphana, choncho chimene boma liyenera kubweza ndi chitetezo. Angabweretsenso John Locke, amene anati munthu ali ndi maufulu ake boma lisanakhalepo, ndipo boma lowaphwanya lataya chifukwa chokhalirapo. Akatero ayenera kutembenuka n'kudzitsutsa yekha. Ngati boma ndi nzika zomwezo zitasonkhana, monga ankaganizira Jean-Jacques Rousseau, kodi munthu angadzikongoze yekha? Kodi kuyembekezera zonse kwa boma sikumusandutsa munthu kukhala wolandira chabe, woiwala udindo wake? Ndipo boma likamapereka zambiri, kodi silifunanso kulamulira zambiri? Pomaliza amafika pa ganizo lake, koma ganizo limene ladutsa m'zitsutso zonsezo n'kutsala lili chiimire.

Wochonga sayang'ana ngati wophunzira wati inde kapena ayi. Amayang'ana ngati waona pamene pagona vuto, ngati wasiyanitsa matanthauzo a mawu, ngati mfundo iliyonse ikutuluka mu inzake, ndiponso ngati waupatsa ulemu woyenera mtsutso wa mbali imene iye sakugwirizana nayo. Luso lomalizali ndilo lamtengo wapatali kuposa onse. Munthu amene anaphunzitsidwa kufotokoza maganizo a mdani wake mwamphamvu, asanayambe kuwagwetsa, savuta kukhala naye pa msonkhano, pa bwalo la milandu, ngakhale m'banja.

Njira ya ku France ili ndi zilema zake, ndipo aphunzitsi a komweko sazibisa. Chaka chimodzi n'chochepa pa mitu 17. Ophunzira ambiri amaloweza chigoba cha chimangirizo, mbali yoyamba kuvomera, yachiwiri kukana, yachitatu kuyanjanitsa, n'kumangothiramo mayina a akatswiri popanda kuganiza kalikonse. Kachongedwe kamadandaulitsa chifukwa ochonga awiri angapereke malikisi otalikirana pa pepala limodzi. Mwana wochokera m'nyumba ya mabuku, amene anazolowera Chifalansa chapamwamba pa chakudya chamadzulo, amayamba ali patsogolo pa mwana wa m'banja losauka kapena la obwera. Ndipo ophunzira a m'masukulu a ntchito zamanja, amene ndi ochuluka ndithu, salemba mayeso a filosofi n'komwe, ngati kuti wokonza galimoto safunika kuganizira za chilungamo. M'zaka za m'ma 1970 katswiri wa filosofi Jacques Derrida ndi anzake anakhazikitsa gulu lotchedwa GREPH, limene linkalimbikitsa kuti phunziroli liziyamba m'makalasi a m'munsi, kuti mwana azikula nalo.

Ku Italy anatenga njira ina. Kuyambira pa kusintha kwa maphunziro kumene anatsogolera Giovanni Gentile mu 1923, filosofi imaphunzitsidwa ngati mbiri ya maganizo, ndipo masiku ano imatenga zaka zitatu zomaliza za sekondale yotchedwa liceo, kuyambira kwa Agiriki akale mpaka kwa alembi a posachedwapa. Wophunzira amatuluka akudziwa amene ananena chiyani ndi nthawi imene ananenera. Choopsa chake n'chakuti angathe kufotokoza Kant bwinobwino osayesapo kuganiza yekha, pamene Kant mwiniwake ankaphunzitsa kuti chimene munthu angaphunzire kwenikweni ndi kachitidwe ka filosofi, osati filosofi yongolandira yopsa kale.

Njira yachitatu inachokera ku America. Matthew Lipman ankaphunzitsa pa yunivesite ya Columbia kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo anaona kuti ophunzira ake, ngakhale anali anzeru, ankalephera kulondoloza mfundo. Anaganiza kuti ku yunivesite kumakhala kutachedwa kale. Analemba kabuku ka nthano kotchedwa Harry Stottlemeier's Discovery, momwe ana a zaka pafupifupi 11 amatulukira okha malamulo a kaganizidwe, ndipo mu 1974 iye ndi Ann Margaret Sharp anakhazikitsa malo ophunzitsira njirayi ku Montclair, m'chigawo cha New Jersey. Kalasi imakhala mozungulira. Amawerenga kankhani kapena kuona chithunzi, ophunzira amapereka mafunso awo, amasankha limodzi, n'kuyamba kulikambirana. Mphunzitsi sapereka yankho. Ntchito yake ndi kufunsa kuti chifukwa chake n'chiyani, chitsanzo chili kuti, alipo amene akuona mosiyana, ndipo zimene wanena uyu zikugwirizana bwanji ndi zimene ananena uja. Njirayi inafalikira m'mayiko ambiri, ndipo inathandiza pamene dziko la Ireland linkakonza phunziro lalifupi la filosofi la ana a m'makalasi oyamba a sekondale, limene mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, Michael D. Higgins, analichirikiza poyera.

Pali chizolowezi choyamikira filosofi ponena kuti imakweza malikisi a maphunziro ena. Umboni wake ndi wosalimba. Kafukufuku amene anatuluka ku England mu 2015, wochitika m'masukulu a pulaimale 48, anapeza kuti ana ophunzira m'njira ya Lipman anapita patsogolo ndi miyezi pafupifupi iwiri pa kuwerenga ndi masamu. Kafukufuku wamkulu kuposa pamenepo, wa masukulu pafupifupi 200, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, sanapeze kusiyana kotero. Wofuna kuteteza phunziroli ndi bwino aliteteze pa zimene limachita lokha. Akalimangirira pa malikisi a masamu, tsiku limene malikisiwo adzakana kukwera phunzirolo lidzachotsedwa.

Gawo la makhalidwe ndilo limautsa mapiri pachigwa, chifukwa anthu awiri akamati ana aphunzitsidwe makhalidwe nthawi zambiri sakunena chinthu chimodzi. Wina akufuna malangizo, kuti mwana auzidwe zoyenera ndi zosayenera. Wina akufuna kusanthula, kuti mwana adziwe chifukwa chake chinthu chili choyenera ndiponso chochita pamene zoyenera ziwiri zawombana. Zonsezi n'zofunika, koma maboma amakonda choyambacho. Ku Brazil, boma la asilikali limene linalamulira kuyambira 1964 mpaka 1985 linakakamiza phunziro la makhalidwe ndi unzika mu 1969, lodzaza ndi kumvera ndi kukonda dziko, ndipo kusintha kwa maphunziro kwa mu 1971 kunasiya filosofi kunja kwa maphunziro okakamiza. Lamulo la mu 2008 ndilo linabwezeretsa filosofi m'zaka zonse zitatu za sekondale yapamwamba, ngakhale kusintha kwina kwa mu 2017 kunafooketsanso malo ake. Zomwe zinachitika ku France mu 1852 ndi ku Brazil mu 1971 n'zofanana: olamulira mwankhanza sanadane ndi phunziro la makhalidwe, anadana ndi phunziro lofunsa zifukwa.

Kwina mkangano umakhala ndi mipingo. Mu 1882 lamulo la Jules Ferry linachotsa chiphunzitso cha chipembedzo m'masukulu a boma a pulaimale ku France n'kuikamo chiphunzitso cha makhalidwe ndi unzika. M'zigawo zambiri za Germany phunziro la makhalidwe limaperekedwa kwa ana amene salowa m'kalasi ya chipembedzo. Mzinda wa Berlin unapitirira pamenepo mu 2006 polamula kuti ophunzira onse a kalasi 7 mpaka 10 aziphunzira za makhalidwe pamodzi, Mkhristu, Msilamu ndi wosapembedza m'chipinda chimodzi. Magulu ochirikizidwa ndi mipingo anaitanitsa riferendamu mu 2009 kuti mwana azisankha pakati pa chipembedzo ndi makhalidwe, koma sanapambane. Mfundo ya mzindawo inali yakuti ana amene adzakhale m'dziko limodzi ayenera kuphunzira kukambirana za chabwino ndi choipa ali limodzi, osati aliyense ku gulu la kwawo.

M'kalasi yosanthula makhalidwe, ophunzira amapatsidwa zida zingapo zoyezera nkhani. Jeremy Bentham ndi John Stuart Mill ankayang'ana zotsatira: ntchito yabwino ndi imene imabweretsa ubwino wochuluka ndi kuchepetsa kuvutika kwa onse okhudzidwa. Immanuel Kant ankayang'ana udindo: munthu achite chokhacho chimene angafune kuti aliyense azichita ngati lamulo, ndipo asagwiritse ntchito mnzake ngati chipangizo chabe. Aristotle ankayang'ana munthuyo: ntchito imene ukuchita ikukusandutsa munthu wotani? Zidazi zimaoneka mphamvu yake zikayesedwa pa nkhani imene ophunzira akuidziwa. Mu 2020 mayeso a MSCE ku Malawi anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala ena anali atatuluka nthawi isanakwane, ndipo ophunzira onse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso kumayambiriro kwa 2021. Funso la m'kalasi lingakhale lotere: mnzako wapamtima walandira pa foni mafunso a mayeso a mawa ndipo akufuna kukutumizira. Bambo ake anamwalira, ndipo akalephera palibenso womulipirira fizi. Uchite chiyani?

Woyang'ana zotsatira ayamba kuwerenga opindula ndi ovulala, ndipo posakhalitsa aona kuti ovulala si okhawo amene ali m'chipindamo. Pali wophunzira wa ku sukulu yakumudzi amene alibe foni ndipo adzalandidwa malo ku yunivesite, palinso wodwala amene adzagonekedwe pamaso pa dokotala wolowa ndi likasa. Wotsata Kant afunsa ngati satifiketi ingakhale ndi tanthauzo aliyense atamabera, n'kupeza kuti wobera amadalira kuti ena akhale oona mtima kuti chinyengo chake chimupindulire. Wotsata Aristotle afunsa ngati ubwenzi weniweni ndi kuthandiza mnzako kuchita chilichonse chimene wafuna. Pa funso lakuti ulandire mafunsowo kapena ayi, zida zitatuzi zimagwirizana. Zimasiyana pa funso lotsatira, lakuti kodi ukamuneneze mnzakoyo kwa ahedi. Apa ndi pamene kalasi imatentha, ndipo ndi pamene ophunzira amazindikira kuti kukhulupirika kwa bwenzi ndi chilungamo kwa anthu osawadziwa zingakokere munthu mbali ziwiri.

Nkhani zoterezi zinatchuka ndi Lawrence Kohlberg, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, amene ankafunsa anyamata ngati mwamuna wosauka angabe mankhwala kuti apulumutse mkazi wake. Iye sankasamala za inde kapena ayi koma zifukwa zoperekedwa, ndipo anaziika m'masitepe, kuyambira pa kuopa chilango mpaka pa mfundo zokhudza anthu onse. Carol Gilligan anamutsutsa mu 1982 ponena kuti masitepewo ankapeputsa anthu amene amayamba ndi kufunsa za ubale ndi chisamaliro, monga ankachitira atsikana ambiri amene iye analankhula nawo. Chitsutso chimenechi chimamveka msanga kwa munthu woleredwa m'chikhalidwe chimene chimayeza munthu poona mmene akukhalira ndi anzake.

Phunziroli lili ndi malire amene ayenera kunenedwa mosabisa. Kudziwa kusanthula chabwino sikupanga munthu kukhala wabwino. Eric Schwitzgebel ndi Joshua Rust anafufuza kwa zaka zingapo khalidwe la aphunzitsi a ku yunivesite amene ntchito yawo ndi filosofi ya makhalidwe, ndipo anapeza kuti pa zinthu zambiri sachita bwino kuposa aphunzitsi anzawo a maphunziro ena. Aristotle anali atanena kale kuti munthu amakhala wolungama pochita zolungama mobwerezabwereza mpaka zitasanduka chizolowezi. Chizolowezicho chimaumbidwa kunyumba, kumpingo, kumzikiti, ndi pa zimene mwana amaona aphunzitsi ake akuchita. Sukulu imene imaphunzitsa za chilungamo m'mawa, masana n'kulanga mwana osamumva mbali yake, yaphunzitsa maphunziro awiri, ndipo mwanayo adzasunga lachiwirilo. Chimene kalasi ya filosofi imawonjezera n'chochepa koma palibe kwina kochipeza mosavuta: kuzindikira mfundo yonama, kuona munthu amene waiwalika pa chigamulo, ndi kutha kunena chifukwa chimene ukukanira pamene gulu lonse lavomera.

Zonsezi zimagona pa mphunzitsi. Akakhala wolalikira maganizo ake, ophunzira amaphunzira kulosera zimene iye akufuna kumva. Akakhala wovomera chilichonse, ophunzira amatuluka akuganiza kuti maganizo onse ndi ofanana, chimene ndi chiphunzitso choipa kuposa kusaphunzira n'komwe, pakuti ganizo lakuti ukapolo ndi wabwino silingaikidwe pa sikelo imodzi ndi ganizo loutsutsa. Mphunzitsi wabwino amasiyanitsa mafunso amene anthu oganiza bwino akusiyanabe maganizo, monga a chilango cha imfa, ndi mafunso amene zifukwa zinapendekera kale mbali imodzi. Ntchitoyi imafunanso kulimba mtima. Pa 16 Okutobala 2020, Samuel Paty, mphunzitsi wa mbiri ku Conflans-Sainte-Honorine pafupi ndi Paris, anaphedwa ndi munthu wa maganizo onyanyira atatsogolera phunziro la makhalidwe ndi unzika lokhudza ufulu wolankhula. Nkhaniyo inakula chifukwa cha mabodza amene anafalitsidwa pa intaneti masiku angapo m'mbuyo mwake. Mphunzitsi wokhudza nkhani zowawa amafunika akuluakulu a sukulu ndi a unduna amene angaime naye.

Mu Africa mapu a phunziroli akutsatabe malire a atsamunda. Ku Senegal, Côte d'Ivoire, Mali, Cameroon ndi mayiko ena olankhula Chifalansa, filosofi ndi phunziro la mayeso otsiriza a sekondale. Ku Mozambique imaphunzitsidwa m'kalasi 11 ndi 12, kotero kuti mwana wolankhula Chichewa wa ku Angónia angakumane nayo m'Chipwitikizi pamene msuweni wake wa ku Dedza kapena ku Ntcheu sanaimvepo. Mayiko amene analamulidwa ndi Britain anatengera dongosolo limene filosofi inalibemo malo enieni ku sekondale, ndipo nkhani za makhalidwe zinasiyidwa m'manja mwa phunziro la chipembedzo. Bungwe la UNESCO, limene linakhazikitsa tsiku lokumbukira filosofi pa Lachinayi lachitatu la mwezi wa Novembala, linatulutsa lipoti mu 2007 lolimbikitsa mayiko kuti aziphunzitsa phunziroli pa misinkhu yonse.

Kumene likuphunzitsidwa, funso lina limadzuka: filosofi ya yani? Silabasi yodzaza ndi Athens, Paris ndi Königsberg yokha imamuuza mwana mwakachetechete kuti kuganiza kunachitikira kwina. Henry Odera Oruka wa ku Kenya anayenda m'midzi kucheza ndi akuluakulu odziwika ndi nzeru, n'kuonetsa kuti ena mwa iwo sankangobwereza mwambo koma ankaupima ndi kuutsutsa. Kwasi Wiredu wa ku Ghana analimbikitsa kuti mafunso a filosofi aziyesedwanso m'zilankhulo za anthu eni ake. Didier Kaphagawani wa ku Malawi analemba za mmene Achewa amamvetsera za munthu, ndipo Augustine Musopole ndi Harvey Sindima analemba zambiri za umunthu. Zipangizo zilipo. Ngakhale miyambi, ikaikidwa moyang'anizana, imabala mafunso enieni. Mwambi wina umati mawu a akuluakulu akoma akagonera, wina umati safunsa anadya phula. Wophunzira wofunsidwa kuti ndi liti pamene munthu ayenera kudalira mawu a wamkulu, ndipo ndi liti pamene ayenera kufunsa yekha, walowa kale mu funso limene filosofi yalimbana nalo kuyambira kale, la gwero la chidziwitso chodalirika. Chofunika n'chakuti umunthu usaphunzitsidwe ngati chinthu chongoombera m'manja. Nawonso ufunsidwe: umati chiyani za munthu amene akukana zimene mudzi wonse wagwirizana, pamene wolondola ndi iyeyo?

Ku Malawi filosofi imapezeka ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba ndi m'maseminale, monga ya Kachebere ku Mchinji imene kwa zaka zambiri yaphunzitsa phunziroli kwa ofuna unsembe. Ku sekondale zidutswa zake zamwazikana m'maphunziro a Life Skills, Social Studies, Bible Knowledge ndi Religious and Moral Education. Mbiri ya phunziro lomalizali ikuonetsa kuvuta kwa nkhaniyi. Pamene unduna unalibweretsa mu 2000 kuti lilowe m'malo mwa Bible Knowledge, mipingo yachikhristu inakana mwamphamvu, boma la Bakili Muluzi linaimitsa kaye dongosololo, ndipo pamapeto pake maphunziro awiriwo analoledwa kuyenda limodzi kuti sukulu zizisankha.

Kuwonjezera phunziro latsopano pa ndandanda yodzaza kale sikungakhale poyambira. Pangafunike aphunzitsi osulidwa mwapadera, pamene masukulu ambiri oyendera, a CDSS, akusowa aphunzitsi a maphunziro amene alipo kale. Kukambirana kwa mtundu wa Lipman kumavuta m'chipinda chothithikana, ngakhale kugawa ophunzira m'timagulu kumathandizako. Chizungu, chimene ndicho chilankhulo chophunzirira, chimamanga lilime la mwana amene m'chilankhulo chake akanatsutsa mwaluso, choncho mphunzitsi wanzeru angalole kuti mtsutso uyambe m'chilankhulo cha ana, kulemba kudzabwere pambuyo. Makalabu a mtsutso amene ali m'masukulu ambiri ndi poyambira pabwino, bola asinthidwe pang'ono kuti cholinga chisakhale kugonjetsa mnzako kokha, ndipo wosintha maganizo atamva mfundo yabwino aziyamikiridwa. Chachikulu kuposa zonsezi ndi mayeso, chifukwa mphunzitsi amaphunzitsa chimene chidzafunsidwe. Pepala likamati tchulani zinthu zisanu zosonyeza khalidwe labwino, kalasi idzaloweza zinthu zisanu. Kuti m'maphunziro amene alipo kale mulowe ngakhale funso limodzi lopereka nkhani yovuta n'kupempha chigamulo ndi zifukwa zake, pafunika kuti ochonga a bungwe loyendetsa mayeso la MANEB aphunzitsidwe kupereka malikisi pa kulimba kwa mfundo, ndiponso kuti akhale ndi ndondomeko yomveka yowathandiza kuchonga mofanana mayankho awiri otsutsana amene onse alembedwa bwino.